Mawu Anga Pabolodi

12 Disembala

Wokondedwa mwana wanga, aphunzitsi,

Akulemba ndi a telala oyandikana nafe, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti asawonjezere ngakhale limodzi, poti ndadziwa tsopano kuti kwanuko mawu mumawatembenuza ngati malaya kuti muone msoko wamkati.

Wandiuza pafoni kuti kauthenga kanga kaja unakalemba pabolodi, ana ako a sekondale n'kumakasanthula ngati ndakatulo. Ine ndinangoti: “Mvula yayamba. Mpando wa malemu bambo ako ndauchotsa pakhonde. Ine ndili bwino.” Ndiye akuti mvulayo ndi misozi, mpandowo ndi munthu, ndipo amene alidi bwino sadikira kumapeto kuti anene. Mwana wanga, mpando umanyowa. A telala akuseka, akuti yankho langali pamayeso ndingalephere nalo.

Sindinakwiye ayi. Ine amene ndinasiya sukulu dzanja lisanazolowere pensulo, lero mawu anga akhala pabolodi. Masana ndikamawodzera ndimaliona kalasi lakolo: mawindo otsekula, fumbi la choko likuyandama padzuwa, ana ataweramira mawu anga ngati akusankha miyala mumpunga. Kumbuyo kwenikweni kwakhala bambo ako, chipewa pabondo. Akweza dzanja, koma iwe sukuwaona. Mtsikana amene anati mpando ndi munthu umuuze kuti mpandowo uli kuchipinda kwanga, pafupi ndi bedi, ndipo ndimaupukuta m'mawa uliwonse.

Chandiwawa n'chakuti nawenso wakhulupirira zonena za anawo, mpaka ukuti usiya ntchito udzakhale ndi ine. Zimenezo ndakana. Ana omva zambiri chonchi m'mizere itatu, ukawasiya adzawawerengera ndani? Komanso chipinda chako ndawapatsa a telala kuti aikemo makina, ndiye ukabwera ndi katundu udzagona pansalu za eni. Makinawo akamalira, m'nyumba mumakhala ngati muli anthu. Apa a telala aimitsa cholembera, akundiyang'ana. Ndawauza kuti, “Lembani, bambo, inunso musayambe.”

Undiperekere moni kwa apongozi anga amuna akowo, kwa adzukulu anga, ndi kwa ana akowo onse, ngakhale ogona m'kalasi. Patchuthi ubwere, koma udzabwererenso. Ndidzakuperekeza ndekha kukakwera basi, ndipo ndikadzayang'ana kumbali, usadzandifunse tanthauzo lake.

Ndine mayi ako,
amene ndasaina ndekha pansipa