Dzina la Ba Fackson pa List

LACHITATU

Ketty 09:12
ba sisi!! bafika bonse. ma motoka 14 ya ma flag, ba police mbwee pa gate ya hotel. banisankha kupeleka tea mu hall ya ma peace talks. INE

Towera 09:20
iwe ketty, tea yako izanibweletsela bamuna banga?

Ketty 09:23
mvelani. ati bakasaina, basilikali ba maiko yonse yabili bazamasula ma civilian bamene banagwila. na ma driver ba ma truck. si bamulamu ba Fackson abo?

Towera 09:31
miyezi 9 nimvela vamene ivo pa radio. kuchokela pamene banabagwila kuseli kwa border ya Kasumbalesa olo kalata imozi kulibe

Towera 09:33
koma funsako

Ketty 13:05
pali bamai bena batali, ba mediator, bonse babamvela. nalemba dzina la bamulamu na number plate pa serviette, naika pansi pa saucer yao. ba supervisor bakadziba nchito yasila

Towera 13:06
mayo ine! babelenga?

Ketty 13:40
baika mu handbag. baniyangana chabe

LACHINAYI

Ketty 11:02
vavuta. delegation imozi yachoka mu hall, bamenyetsa na chitseko. ati sibangankhale table imozi na banthu bamene banatentha ma town yao. ma samoosa yonse yabwelela ku kitchen

Towera 11:04
bayenda ku airport?

Towera 11:30
ketty

Towera 12:15
zovala za salaula zamene nigulitsa nasiila ba neighbour pa market, nili mu church kuno ku Chawama. yankha pls

[Towera waimba katatu, palibe woyankha]

Ketty 16:48
sorry ba security banatilanda ma foni. BABWELELA!! bamai baja banabalondola mpaka ku car park, baimilila kutsogolo kwa benz 40 mins pa dzuba. driver kuliza hooter, beve osasuntha. manje bonse bali mukati, bapempha tea ina

Towera 16:50
bapatse na flask yonse

LACHISANU

Ketty 10:55
BASAINA!!! bagwilana na manja. ba chef balila mu kitchen, ati ni anyezi

Towera 10:58
kuno radio ili full volume, bazimai bavina pakati pa ma bale. nanga list?

Ketty 11:00
wait

Ketty 12:26
bamai baniitana pa corridor. banionetsa pepala, maina 62, chala chao pa no. 41. Faxon Mbewa, driver, Zambia

Towera 12:27
ise ndise ba Mbewe osati mbewa. nanga ngati ni munthu wina?

Ketty 12:29
plate ni yamene ija ba sisi, nabelenga kabili. NI BEVE

Towera 12:30
olo babalembe khoswe, babwele chabe

Towera 12:34
ubauze bamai abo zikomo, sinidziba chizungu chokwana

Ketty 12:41
nabauza. bati tea inali yozizila masiku yonse koma banikhululukila

LACHIWIRI, SABATA LOTSATIRA

Nambala yachilendo 14:07
bamake Taonga ndine. foni nabweleka kwa ba clearing agent. taoloka, nili pa Kasumbalesa side yathu. truck yasala kwamene uko. nili bwino, kuonda chabe

[Towera waimba kasanu, palibe woyankha]

Towera 14:15
yankhani nimvele mau yanu

Nambala yachilendo 14:22
line ya banthu pa foni iyi ni itali, bonse bafuna kuuza kwao. bus ifika Lusaka mawa 10 hrs. mubwele na nsapato, nili na patapata imozi. size 9

Towera 14:23
mumavala 8 batate bake Taonga, mwaibala? nizaleta nsapato zanu zonse, na za ku church