Makina Opanda Singano

Lolemba, 4 Junyu 2012

Ntchito yayamba. Amalume a Firmino, amene anandipezera malowa, anauza amayi ku Zobuwe kuti ndikagwira pa makina. Amayi anamva makina osokera. Inenso. Ndafika ku Moatize, ndapeza jinaziyo, malo olimbitsira thupi: chipinda cha magalasi, azibambo a kumgodi akubuula. Ntchito yanga kupukuta thukuta pa makina.

Makina anga ali pakona. Munthu amakhala pampando, miyendo pa kapilo, nʼkukokera zidendene pansi pa mpando. Zitsulo zimakwera. Kenako zimatsika. Ndasuzumira kunsi. Singano palibe.

Lachitatu, 6 Junyu

Ndalimba mtima, ndafunsa a Baptista, eni ake, kuti makinawa amatulutsa chiyani. Akuti amalimbitsa nyama yakuseri kwa ntchafu. Ndadikira kuti apitirize. Basi, zomwezo.

Loweruka, 9 Junyu

Woyendetsa shapa, kaminibasi ka ku Zobuwe, wandipatsa phukusi lochokera kwa amayi. Kapulana yatsopano, nsalu yobiriwira. Mkati muli chingwe cha mfundo zitatu: chifuwa, chiuno, msinkhu wa amayi. Akufuna diresi ya paubatizo wa mwana wa Palmira, mkulu wanga, pa 24. Auza kale mpingo wonse kuti ikusokedwa ndi mwana wawo. Ine ndi batani lomwe sindidziwa.

Lachiwiri, 12 Junyu

Ndayala nsaluyo pampando wa makina anthu asanabwere. Ndakhalapo, ndakoka kakhumi, mosamala. Tsopano amayi akafunsa, ndinena kuti nsalu yafika pa makina. Si bodza. Masana aimbadi foni. Ndanena. Ndalapa.

Lachisanu, 15 Junyu

Kuseri kwa ntchafu kukuwawa. Nsalu ili momwemo.

Lachinayi, 21 Junyu

Amayi abwera kudzayesa diresi, osandiuza. Apeza bambo wina wamkulu ali pa makina anga, akubuula, mitsempha ili pamphumi. Anong'oneza: “Akusoka chiyani awa?” Ndati miyendo yawo, amayi. Ndanena zonse, ndikuyang'ana pansi.

Bamboyo atachoka, amayi avula nsapato, akhalapo. Akoka kasanu, zitsulo zomwe zija za bamboyo. A Baptista asiya kutafuna.

Potsika amayi amanga kapulana ija mʼchiuno. “Kwathu tikanena kuti singano inathyoka. Wamva?”

Ndamva.

Lachisanu, 22 Junyu

Amayi sanakwere shapa. Akuti bondo lapepuka. Panopa ali pamzere, kumbuyo kwa azibambo awiri, ndipo akundikodola kuti ndikapukute mpando.