Chimanga cha ku Ludzi chandimasulira waya

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Mlonyeni tonse tili bwino, kupatula m'kamwa mwangamu.

Lamlungu ndinakaona amayi a bwenzi langa ku Ludzi. Anandikazingira chimanga, n'kukhala pambali panga kumandiyang'ana. Adokotala anandiletsa zolimba, koma mkamwana wamawa angakane bwanji mbale yoyamba? Ndinatafuna. Waya wowongola mano munandiikitsa uja wamasuka, akundibaya tsaya. Kuchipatala cha ku Boma akuti okonza ali ku Lilongwe kokha, ndipo abambo akuti ndidikire tithe kusoka fodya. Ndikungomwa phala n'kumachukucha madzi amchere.

Chonde alembereni abambo andilole kupita, inu amakumverani. Ambuye akusungeni, ndipo mundipempherere. Amayi aja atumiza uthenga kuti anaona ndachikonda, Lamlungu likubwerali akazinganso.

Ine mwana wanu,
Tiyamike