Belu la Ababa

Lolemba, 8 Meyi 2023
Ababa sanadye. Phala masupuni awiri basi. Ku chipatala anati tiziwasamalira kunyumba, tanthauzo lake ndikulidziwa. Nthawi ya 12 koloko dzanja lawo linayamba kukoka m'mwamba ngati agwira chingwe. Zaka 34 akuliza belu la kutchalitchi, thupi siliiwala.

Lamulungu, 14 Meyi
Misa. Mng'alu wa pa nsanja ya belu wakula, dzanja likulowa. Chiyambire mvula ya Freddy palibe wololedwa kukwera. Amangirira sipika pamtengo wa mango, ikulira ngati foni. Ndinapsa mtima.
Nsanjayi anamanga ndi agogo, atate awo a Ababa, atangofika kuchokera ku Nsanje. Njerwa zoumba akhristu okha, amayi kusenza madzi. Makwerero 41, timawindo tinayi pamwamba kuti mawu afike mbali zonse. Njerwa ya pakhomo ili ndi chidindo cha chala cha agogo. Ndayikapo changa.

Lachiwiri, 23 Meyi
Abwera ndi lole ya ku Makata, belu alitsitsa ndi matcheni. Akuti nsanja igwetsedwa isanaphe munthu. Belu alikhazika pa matayala kuseri kwa tchalitchi.
Ababa sindinawauze. Iwo: "Olive, ine ndalizira anthu onse a muno. Langa adzalize mofatsa. Kamodzi, kenaka Tikuoneni Maria mmodzi, kenaka kamodzi." Ndinavomera. Bodza lenileni. Ndinakalirira kubafa.

Lachisanu, 26 Meyi
Kwa a Onesimo, wapampando wa tchalitchi. Akuti sipika ilinso ndi belu la maliro, ndi kungodina batani. Batani! Ndinawayankha zosayenera munthu wamkulu. Sindikudandaula.

Lachisanu, 2 Juni
Ababa apita. 10 koloko m'mawa, dzuwa lili phwee.

Loweruka, 3 Juni
Ndinatenga hamala yawo, ndekha mpaka kuseri kwa tchalitchi. Kumenya: khoo, ngati beseni lobooka. Kupusa kwanga. Mwana wa woliza belu osadziwa kuti belu lokhala pansi sililira! Ndinangokhala pa tayala, chitenje kumaso.
Kenaka mapazi. Azibambo a mphakati wathu wa kutchalitchi, omwe aja odzanyamula bokosi, atatenga mitengo iwiri ya bulugama. Anapisa chingwe, asanu ndi atatu, mapewa pansi. Belu linadzuka pang'ono chabe, mwina chikhatho chimodzi.
Ndinamenya. Linalira. Amayi a pamsika anaima, ena kugwada pafumbi pomwepo.
Ndinayamba Tikuoneni Maria. Ndikuona miyendo ya azibambo ikunjenjemera, thukuta mpaka m'makolala. Ndinati ndifulumire, ndiwapeputse.
Wakutsogolo anatukula mutu. A Onesimo, jekete la suti litang'ambika paphewa.
"Musathamange, mayi. Malizani pemphero. Eni ake sankathamanga."