Nambala ya Atate Ake Bornwell

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kafoni kanga kamabatani kakufa. Batire latupa ngati chitumbuwa, chivindikiro ndikuchita kumanga ndi mphira. Lero kazima katatu ndili kudimba. Nanga ngati ndi nthawi yomweyo mwana wanga amaimba?

Zakwana zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri chimvereni mawu a Bornwell. Anapita ku Joni ndi malole mu 2021, anaimba komaliza Malichi 2022. Ndikaimba nambala yake, mayi wa m'foni uja amangoti siikupezeka. Nambala imene iye amaidziwa pamtima ndi imodzi yokha, ya atate ake, malemu a Lyford, ndipo simu yake ndi yomwe ili m'kafonika. Sakudziwa n'komwe kuti atate akewo tinawaika m'manda chaka chatha.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Towela waimba kuchokera ku Lusaka. Mwana wanga wamkazi ameneyu mtima ngwabwino, koma pakamwa anatengera ine. Watumiza ndalama ya foni yatsopano.

"Amai, mugule ya tachi, tizionana nkhope. Pali ina yochipa, ibwera na simu yake na mabandulo ya mahala. Iyo netiweki igwira na mu nyumba, muleke kukwera pa chulu monga mbuzi."

Zachuluzo sakunama. Netiweki ya atate ake kuno imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola basi. Ndafunsa kuti nanga simu yakaleyi?

"Muisunge chabe mu Baibulo."

M'Baibulo! Bornwell akaimba ayankhe Yeremiya? Ndamukalipira mpaka kafoni kazima kokha. Kenako ndadzimvera chisoni, mwana amangofuna kundithandiza. Iye anasiya kudikira mchimwene wake kalekale, sanena chabe.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndapita ku boma ndi mabokosi awiri a tomato. Nditagulitsa ndalowa m'kashopu ka ba Cheelo, mayi wogulitsa mafoni pafupi ndi poimira maminibasi. Ndawakonda chifukwa sanyengerera munthu.

Andiyalira mafoni atatu. Yochipa ya Towela ija, kani imalandira simu ya kampani yake yokha. Chikomekome cha nkhuyu. Ina ndi ya tachi yolowa masimu awiri, ikumaliza ndalama yonse. Yachitatu ndi kamabatani ngati kanga.

Ndawafunsa zosunga simu m'Baibulo. Apukusa mutu. Akuti simu ikagona miyezi ingapo osagwira ntchito, nambala amapatsa munthu wina. Ndinaona m'maganizo Bornwell ali kuchipatala kapena kundende, wapempha foni kwa munthu, waimba kamodzi kokha, ndiye wayankha mlendo wa ku Kitwe n'kumudulira.

Ndati basi, ndipatseni ya tachi ya masimu awiri. Atsegula kafoni kanga, atulutsa simu, aitembenuza, n'kuimba mluzu.

"Mami, iyi ni ya kudala maningi. Mu ya tachi siingangene, ifunika kujuba. Manje golide yake ni ikulu. Zina zimasebenza, zina zimafa. Siningakunameni."

Kujuba ndiye kuidula kuti ichepe. Nanga ikafa? Akuti ku ofesi amakupatsa ina ya nambala yomweyo, koma mwini wake apite yekha ndi reji yake, chitupa cha boma chija. Mwini wake ali ku manda. Apo ayi pafunika mapepala a imfa, ndipo amenewo anatenga alamu anga a Abson tsiku lomwe anatenga njinga ndi malata. Chichokereni tsikulo sitipatsana moni.

Ndati ndiye kamabatani, kamene simu ilowa yonse bwinobwino. Ndinali nditayamba kumasula nsonga ya chitenje pamene anandifunsa chimene ndikuumirira nambala ya malemu. Ndinawauza.

"Mami, bantu ba ku Joni sibatuma foni ya so, idula maningi. Bonse ni WhatsApp. Ngati mwana wanu anasakila iyi namba pa WhatsApp, sanaipeze."

Ndabwerera wopanda foni. Mu minibasi kondakitala wandifunsa katatu kumene nditsikire.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kudula kapena kusadula. Ndathirira bedi limodzi la repu kawiri, lina osalithirira.

Loweruka, 12 Okutobala

Mawu a ba Cheelo andikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Zaka zonsezi ine ndikukwera chulu m'mawa ndi madzulo, mwina mwana anagogoda khomo lina n'kuyesa kuti tinamutaya. Kapenanso sanagogode paliponse chifukwa kulibe. Ili ndi liwu limene sindilitchula pakamwa, lero ndalilemba. Ndikuopa kuti mwana wanga anafa ndipo anamukwirira anthu osadziwa ngakhale dzina la amake.

Ndavala kuti ndipite kwa a Abson kukapempha mapepala. Ndafika pamlatho, ndabwerera. Ndimawadziwa, angandiimike pabwalo ngati wopempha mchere, akazi awo akusuzumira pawindo, mapeto ake ati anatayika.

Towela waimbanso. Ndamufotokozera zonse. Akuti, "Amai, mukajubitsa ikafa, muzakamba ati ni ine." Ndati sindidzatero. Tonse tikudziwa kuti ndidzatero.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kafoni kafa. Kanazima tili m'tchalitchi, kunyumba ndakaika pa sola, ndakagogoda pabondo, ndachotsa batire n'kubwezera, zii. Tsiku lonse nambala ya a Lyford yakhala yotseka, koyamba chigulireni. Sindinadye.

Ulaliki sindinaumve. Ndimangoyang'ana anyamata a kwaya, amene anaimba ndi Bornwell, onse ali ndi ndevu tsopano.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndalawira ku boma. M'njira monse ndimati kamabatani, kamabatani, za tachi n'za ana. Nditafika pakauntala pakamwa panga pati, "Dulani."

Ba Cheelo andiyang'ana. "Muli shuwa, mami?" Ndati musandifunsenso, ndingathawe.

Atulutsa kachitsulo konga kobowolera mapepala. Alowetsa simu, aitulutsa, aiwongola, alowetsanso. Ine ndagwira kauntala ndi manja awiri. Ndamva khwapu! Tizidutswa tagwa pansi. Kotsalako n'kochepa kuposa chikhadabo, ndipo m'mbali mwake golide anadyeka pang'ono, ndinaona ndi maso angawa. Akapala ndi kotsukira zikhadabo, akaika m'foni yatsopano, ayatsa.

Palibe.

Ndinati ndapha a Lyford kachiwiri ndi dzanja langa. Ba Cheelo atulutsa kasimu, akapukuta pa bulauzi, akapalanso mbali imodzi, abwezera. Tadikira. Kunja kondakitala akukuwa Lusaka, Lusaka. Kenako pakona pa galasi patuluka timizere, kamodzi, tiwiri, tinayi.

"Yauka, mami!"

Ndakhala pa kreti ya zakumwa n'kulira ngati mwana, anthu ogula akundilambalala. Andiikira WhatsApp pa nambala yomweyo, andigulira bandulo ya sabata, andionetsa polembera. Zala zanga za khasuzi zikugunda zilembo ziwiri nthawi imodzi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Towela ndamuona nkhope, ine ndili pachulu. Waonda. Akuti ndichotse foni kukhutu, akungoona m'kati mwa khutu langa.

Palibe wina waimba.

Lachitatu, 16 Okutobala

Masana, nditachoka kudimba, ndakwera pachulu kuti ndiphunzire ndekha. Ndagunda kachizindikiro kena mwangozi, patuluka maina a anthu a m'simu amene ali pa WhatsApp. Towela. Amai a mvano awiri. Wogula tomato wa kumsika wa Soweto ku Lusaka.

Bornwell.

Nambala yomwe ija yosapezeka, koma pambali pake pali chithunzi. Ndachigunda, chakula. Ndi iyeyo. Chipsera cha pachibwano chija chilipo. Wanenepa, wavala jekete la chikopa, wanyamula kamwana kakakazi ka mphumi ya a Lyford. Pansi pa dzina palembedwa kuti anali pa foni lero, 11:40.

Ndinakhala pansi pomwepo, chiswe chikundikwera m'miyendo. Ali moyo! Ndinaseka, ndinatamanda Mulungu mokweza mpaka mbuzi zinadzidzimuka. Kenako mkwiyo unandigwira umene sindinaumvepo chibadwire. Lero, 11:40. Ine ndimagona ndi foni pamtsamiro, ndafunsa madalaivala a malole mpaka ena ankandithawa, iye akujambulitsa majekete.

Ndinalemba zambiri, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufuta. Mapeto ake ndatumiza liwu limodzi, dzina lake.

Timizere tiwiri ta pambali pa uthengawo tasanduka tabuluu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti wawerenga. Pamwamba paoneka kuti akulemba. Wasiya. Wayambanso. Wasiya nthawi yaitali, ine dzuwa likundiwotcha pamutu osalimva. Kenako zabwera.

"Atate. Nikhululukireni. Nenze na nsoni kutuma, vinanivuta maningi kuno. Nifuna kubwera pa Khrisimasi mumuone muzukulu wanu. Amai bali bwanji? Atate, kambani chabe na liwu limozi."

Ndikulemba izi ndili pachulu pomwepo, kope pabondo, foni pambali. Sindinayankhe. Yayamba kulira, akuimba, ndipo akudikira kumva mawu a atate ake.