Nyenyezi Zimene Bambo Sanazivalepo

Achimwene,

Tandiuzani inu amene sukulu munafika nayo kumapeto: bambo athu ali ndi zala zingati m'manja? Werengani mofatsa musanayankhe, chifukwa ine amene sukulu ndinaisiyira panjira ndimapeza zisanu ndi zitatu.

Moni ndisaiwale, mungati mlongo wanu ndi wopanda mwambo. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Kuno tadzuka. Amayi mawondo akuwavutabe, ine makina anga osokera akulirabe. Bambo thupi lili bwino koma mtima ayi, ndipo amene mwaudwalitsa ndinu.

Katundu wanu anafika. Chithunzi chachikulu ngati chitseko, felemu yonyezimira, ndi kakalata kanu koti tipachike pabalaza kuti aliyense wolowa adziwe kuti m'nyumba muno muli ngwazi. Ngwazi! Zaka makumi awiri ndi ziwiri bambo anali wophika ku usilikali, ankadyetsa amuna oposa zana kawiri pa tsiku. Inu munaona kuti mphika ndi wochititsa manyazi, mwapita kwa wojambula wanuyo, mwadula mutu wa bambo, mwaumata pa thupi la munthu wina.

Ndiulule kaye tchimo langa, ine sindibisa. Msomali ndinakhoma ndine. Bambo anali atapita kukatenga mankhwala a amayi, ine ndinakwera pampando, ndinapachika, ndinabwerera m'mbuyo n'kumamwetulira ngati chitsiru. Koma diso la telala silinamizika nthawi yaitali. Ndinaona kuti mapewa a jekete ija ndi a munthu wamkulu kuposa bambo kawiri, khosi likuchita kusambira mu kolala.

Bambo atalowa anaima nji! Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa amayi kuti mlendo wabwereka mutu wawoyu ndi ndani. Amayi anaseka, ankayesa nthabwala. Ndiye bambo anayandikira, n'kuloza manja a m'chithunzimo, manja osalala, zala khumi zokwanira zitagwira kandodo. Anafunsa kuti manja amenewa ndi a yani.

Mwaiwala kapena simunafunsepo? Zala ziwiri zija zinatsala m'ngalande ya kunkhondo tsiku limene ananyamula ndowa ya tiyi n'kukwawa nayo chamimba kupita kwa anzawo amene anali atatha masiku awiri osalawa kanthu. Tiyi anafika. Inu ndi wojambula wanu mwawabwezera zalazo ngati kuti anachita kutaya pamsika.

Koma zimenezi n'zazing'ono. Mukuwakumbukira a Sajeni, amene ankakunyamulani pakhosi muli wamamina? Pa gulu lonse la bambo atsala awiri okha, iwo ndi bambo. Loweruka lililonse a Sajeni amakwera basi, amatsika pamphambano, amabwera ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, n'kukhala pakhonde kusewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo. Amatukwanana ngati anyamata. Iwo amati bambo anapha anthu ambiri ndi nyemba zosapsa kuposa amene adani anapha ndi mfuti. Bambo amati Sajeni ankathamanga bwino kwambiri akamva belu la chakudya basi. Sabata yonse bambo amaseka tsiku lokhalo.

Loweruka loyamba chifikireni chithunzi chanu kunagwa mvula, ndiye amayi anawalowetsa a Sajeni pabalaza. Chithunzi chinali chikadali pakhoma, chifukwa amayi anali atachonderera kuti mphatso ya mwana saitaya. A Sajeni anavala magalasi. Anawerenga nyenyezi zitatu za kaputeni paphewa. Anawerenga mizere itatu ya sajeni pamkono wa jekete yomweyo. Inde achimwene, zonse pamodzi! Munthu mmodzi wakhala bwana, wakhalanso wodzilandirira yekha malamulo. Mamendulo mwawapachika kumanja m'malo mwa kumanzere, ndipo akuti imodzi ndi ya nkhondo imene inatha bambo asanabadwe.

Ndinkayembekeza kuti aseka. Bola akanaseka. Anaika ndodo pansi, anawongola msana wopindika uja, anachita sawatcha kwa bambo. Anati sankadziwa kuti zaka zonsezi akhala akutukwana bwana wawo, ndipo anapempha kuti awakhululukire. Anatinso kaputeni weniweni wa gulu lawo anamukwirira ndi manja awo, iwo ndi bambo, ndipo sankaganiza kuti nyenyezi zake zidzapezeka pakhoma la munthu amene anagwira nawo fosholo. Anatola ndodo n'kutuluka mvula ili pakati. Tiyi anazirala pa tebulo.

Papita Maloweruka anayi. Sanabwerenso.

Inu simungamve, chifukwa kuofesi kwanuko munthu amadzilembera yekha udindo pachitseko. Kwa asilikali, kuvala nyenyezi imene sunapatsidwe ndi kuba, ndipo ndi kubera akufa. A Sajeni akuganiza kuti bambo ndi amene anaitanitsa chithunzicho, kuti ukalamba wawapatsa dyera la ulemu. Ndinapita kwawo ndekha kukafotokoza. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma anati mwana wabwino amaikira kumbuyo bambo ake, ndipo zimenezo n'zimene ndikuchita ine.

Bambo pabalaza sakulowanso. Amadyera kukhitchini, pakampando kafupi kaja. Loweruka lapitali anayala drafuti pakhonde, anaika zitsekerero zonse m'malo mwake, anakhala mpaka dzuwa linapendeka. Ndinawauza kuti tiyeni tikwere basi tipite limodzi. Anavala jekete, anafika pageti, n'kubwerera. Anati alibe nkhope yopita nayo, poti nkhope yawo ili pa thupi la eni.

Chithunzi chanu ndachitsitsa. Galasi linasweka potsitsapo, ndipo sindinama kuti inali ngozi. Felemuyo amayi aikamo kalendala.

Tsopano imvani. Kuti wojambula wanu apeze mutu wa bambo, munatenga kachithunzi kakang'ono m'chikwama cha amayi tsiku munabwera kudzationa ndi galimoto yanu yosalowa m'matope ija. Musakane, amayi anakuonani. N'kokhako kamene kalipo: bambo atavala epuloni, chikombe m'manja, ataima pafupi ndi mphika wofika m'chiuno, a Sajeni atawakoleka mkono pakhosi. Ulemu wa bambo ndi umenewo. Suwala, koma ndi wawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauzenso anawo ntchito imene agogo awo ankagwira, osawonjezera mchere. Mulungu akusungeni, akupatseninso manyazi pang'ono.

Kachithunzi kaja kabwere kuno mwezi uno usanathe, kathunthu. Ngati munakadula ndi lumo, bweretsani zidutswa zonse. Ndipo mulembe kalata kwa a Sajeni, ndi dzanja lanu, osati pa foni, osati kudzera mwa mlembi wanu. Muwauze kuti bodzali ndi lanu nokha, bambo sanalipemphe. A Sajeni ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, akutsokomola, ndipo sangadikire tchuthi chanu. Mukachedwa, ndibwera ndekha kuofesi kwanuko ndidzakulembetseni anthu anu akuona.

Ndine mlongo wanu,
mwana wa wophika.