Botolo la Mayi Otilia

Lolemba, pa 21 Okutobala

Abwana Nayeli abwera nato tizikwangwani lero. Tilipo makumi anayi, ta chionetsero cha Loweruka, tsiku limene situdiyo yathu ikukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri ikupanga mafilimu. Katundu aliyense wa m'nkhokwe yanga ali ndi kake: mutu wa ng'ombe wamapepala, malupanga a mphira, bokosi la maliro lija lakwirirapo anthu m'mafilimu khumi ndi anayi. Mawu onse ndi anga. Mwezi watha N. anandikhazika pansi n'kuyatsa kojambulira mawu, ine n'kumangobwebweta ngati ndamwa.

Ka nambala 17 ndakawerenga kawiri. "Botolo la Otilia, 1976. Mayi wophika mabotolo a shuga anaiwala botolo lenileni m'bokosi, ndipo linaswedwa pamutu pa Cuco Ontiveros. Magazi amene mumawaona mufilimuyo ndi enieni."

Nkhani imeneyi ndaifotokozera alendo zaka makumi anayi ndi zitatu, mpaka ndimadziwa pamene amagwira pakamwa ndi pamene amasekera. Koma kuiona itasindikizidwa, dzina la munthu lili poyera, ndinakatembenuza kachikwangwaniko n'kukaika pansi pa tinzake. N. akuti kameneka ndiko kadzakoke anthu. Akutinso awaitana onse awiri, a Cuco ndi mayi Otilia. Ine ndimayesa mayiwo anamwalira kalekale. Sindinafunsepo, ndiye ndikanadziwa bwanji?

Ndikudzitukwana ndekha: Herminio, galu iwe.

Lachiwiri, pa 22 Okutobala

Ndilembe, poti pepala silidzudzula munthu.

Masiku amenewo botolo loswera munthu pamutu tinkapanga ndi shuga. Mayi Otilia ankaphika manyuchi m'kakhitchini kawo kuseri kwa nkhokwe, n'kuthira m'chikombole. Chikombolecho ankaumbira pa botolo lenileni limodzi, lawolawo, lomwe analilemba zilembo za dzina lawo, O.Z., pansi ndi msomali. Akamaliza, la shuga ndi la galasi sungasiyanitse ndi maso. N'chifukwa chake panali lamulo: wopereka botolo kwa wosewera anyambite kaye. Likatsekemera, pereka. Wopereka ndinali ine.

Dzulo lake la ngoziyo mtsikana wosewera wamkulu wa filimuyo anandiona ndikunyambita, naseka, nati ndani wabwera ndi kagalu kuno. Anthu onse anaseka. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, tsitsi ndinkadzola mafuta chifukwa cha iyeyo. Ndiye tsiku la ndewu ya m'malo omwera mowa, mkulu wa filimu akukalipa kuti nthawi yatha, bokosi la mayi Otilia lili kutali, mtsikana uja akundiyang'ana, ine ndinangotola botolo linali pa tebulo. Ndinadziuza kuti ndi limene ndinaikapo m'mawa. Sindinanyambite.

La shuga likasweka limangoti phwaa. Lija linalira.

Magalasi ndinasesa ndekha, mwachangu, n'kukataya. Kenako ndinalowa m'kakhitchini kaja n'kupeza botolo la O.Z. lili pamalo pake pafupi ndi mphika. Ndinalibisa m'jekete. Akuluakulu atatiitana ndinati ndinatenga m'bokosi, ndinanyambita, linali lotsekemera, mwina ndi lija la chikombole lomwe limakhala lomata manyuchi. Mayi Otilia anathamanga kukalifuna. Anabwera manja lende, nati ndiye kuti ndine. Ntchito inawathera tsiku lomwelo. A Cuco diso lakumanzere linathera kuchipatala.

Botololo likadalipo. Lili m'mutu wa ng'ombe wamapepala uja, ka nambala 4.

Lachitatu, pa 23 Okutobala

A Cuco abwera kudzayeserera. Akalamba koma pakamwa mpomwe paja. Atangondiona akuti m'phwanga, mimba imeneyi ndi yako kapena waibwereka m'nkhokwe? Anandikumbatira mpaka nthiti kulira. Kenako anagogoda diso lawo lagalasi ndi chikhadabo, akuti nalonso alipatse kachikwangwani kake, ndi katundu wakale wa situdiyo.

Maganizo a N. ndi akuti Loweruka tibwereze chochitika chija pamaso pa alendo. Mayi Otilia aphike botolo limodzi, ine ndinyambite, ndipereke, liswedwe pamutu pa a Cuco, awiriwo agwirane chanza. Akuti anthu adzalira ndi kuseka nthawi imodzi. Mabotolo a masiku ano si a shuga, ukanyambita umangomva mankhwala, ndiye N. akufuna lachikale.

Tinadya nyemba ndi a Cuco kukantini. Ndinawafunsa ngati ali ndi mangawa ndi mayiwo. Anatafuna nthawi yaitali. Akuti mangawa ayi, koma munthu wa diso limodzi sadumphira pa kavalo wothamanga, saona kutalika kwake, ndiye ntchito yogwa ndi kumenyedwa m'malo mwa osewera akuluakulu inathera pomwepo. Anakhala mlonda wa pa geti ya fakitale ya sopo zaka makumi atatu. Akuti chaka chilichonse nyengo ino ya tsiku la akufa, pamene anthu amapatsana zigaza za shuga, mayiwo amawatumizira chigaza cha shuga cholembedwa CUCO pachipumi, ndipo sanayankhepo n'kamodzi komwe. Akuti unganene chiyani kwa munthu wotero.

Nyemba zanga anamaliza ndi iwo.

Lachinayi, pa 24 Okutobala

N. andituma ine kumsika kwa mayi Otilia, akuti paja mumadziwana. Ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka, ndinapitirira siteshoni yanga dala, ndinabwereranso.

Msika wadzaza maluwa achikasu ndi zigaza za shuga, poti tsiku la akufa layandikira. Benchi lawo lili kumapeto, pafupi ndi ogulitsa makandulo. Achepa thupi. Mikono yonse zipsera za manyuchi, zatsopano pamwamba pa zakale. Ndinaima patali ngati wakuba, koma anandiona ndi iwo.

"Minio, mwana wanga. Wachita imvi iwenso?"

Anandikhazika pa chidebe, nandigulira phala la chimanga lotentha kwa mnzawo woyandikana naye. Anamuuza mnzawoyo kuti uyu ndiye ndimakuuza uja, tsiku londichotsa ntchito onse anayang'ana kumbali, koma iyeyu anandinyamulira mphika mpaka pa geti. Zoonadi ndinanyamula. Botolo lawo lili m'jekete, likundigunda m'nthiti njira yonse. Ndinangoti zyoli, phala likundiwotcha m'manja.

Ali mkati mocheza anatunga manyuchi ndi kamtengo n'kupatsa mnzawo uja kuti alawe. Mnzawoyo anati awonjezere mandimu. Ndinafunsa ngati ndi matenda a shuga. Anaseka, akuti ayi, ndi chowinda. Tsiku lija atachoka pa geti anapita molunjika kutchalitchi, nakalonjeza kwa Amayi Maria kuti popeza shuga wawo wadya diso la munthu, iwo sadzalawanso shuga mpaka kufa. Zaka makumi anayi ndi zitatu akuphika zinthu zotsekemera osaika pa lilime. Pa ukwati wa mwana wawo keke anangoinunkhiza.

Akuti chimene chimawasautsa n'chakuti sakumbukira. Amayesa kuliona dzanja lawo likuika botolo lija m'bokosi, koma chithunzicho sichibwera. Ansembe anawauza kuti kuiwala n'komwe kunali tchimolo.

Ndinawawerengera mawu a ka nambala 17, poti N. anati ndiwawerengere. Anamvetsera mutu uli pambali. Anati ndi zoona, alembe, mwina achinyamata angaphunzirepo kusamala. Botolo aphika. Akuti akhala akudikira mwayi wogwada pamaso pa Cuco.

Pakamwa panga panatseguka, ndikulumbira. Chimene chinatuluka n'chakuti phala ili n'lokoma.

Anandikulungira kachigaza kakang'ono, atalemba MINIO pachipumi. Anakana ndalama.

Lachisanu, pa 25 Okutobala

M'mawa ndinapita ku ofesi ya N. kukapempha kuti ka 17 tikachotse. Akuti chifukwa? Ndinati mayiwo ndi okalamba, si bwino. Akuti mayiwo avomera okha, wolemba nyuzi akubwerera komweko, ndipo a Herminio, nkhaniyi ndi yanu yomwe, mwayamba liti kuichitira manyazi? Ndinati mwina sizinayende ndendende choncho. Lamya yawo inalira, anandikwezera chala kuti ndidikire. Sindinadikire.

Kachigaza kaja ndakaika pa shelefu ya mfuti zamatabwa. Kakundiyang'ana.

Masana anyamata onyamula katundu asanafike ndinakwera pa makwerero n'kupisa dzanja m'khosi mwa ng'ombe ija. Nyuzi imene ndinakulungira yasanduka fumbi. Botololo lili bwinobwino, pulasitala wa chikombole akadali m'khosi mwake, O.Z. akuoneka ngati alemba dzulo. Galasi siliwola, mlandu nawonso suwola.

Kunja kuli mgolo wa zinyalala, galimoto imabwera folo koloko. Ndinaima pamenepo ndi botolo m'manja mpaka galimoto inabwera, inanyamula, inapita. Woyendetsa anandifunsa ngati muli kanthu m'botolomo tigawane.

Ndikanena, a Cuco sadzandiitananso m'phwanga. Nanga alendo amene ndawasekesa zaka zonsezi, N., anyamata amene ndimawakalipira kuti ntchito ya katundu imafuna munthu woona mtima. Ndikapanda kunena, mawa gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu agwada pa simenti chifukwa cha ine, ine nditaima pambali ndikunyambita botolo.

Jekete lija ndilibenso. Ndivala la bulauni, thumba lake n'lalikulu.

Loweruka, pa 26 Okutobala

Anthu anadzaza. Anamanganso malo omwera mowa aja pakati pa holo, tebulo lomwe lija, ka 17 kali pamtengo wake. Mayi Otilia anabwera atavala zakuda, botolo la shuga atalikulunga m'nsalu ngati khanda. A Cuco anavala chipewa chawo cha mufilimu. Awiriwo sanayang'anane.

N. analankhula, anthu anawomba m'manja, kenako anati a Herminio atifotokozere monga amachitira. Ndinayamba bwinobwino, mawu omwe aja, anthu anaseka pamene amasekera. Mayi Otilia anandipatsa botolo lawo. Ndinanyambita. Lotsekemera, kamandimu patali. Nditatembenuka ndinaona ayamba kugwira tebulo kuti atsikire pansi, bondo limodzi litapinda kale.

Ndinati mayi, dikirani. Ndinaika la shuga pa tebulo, ndinatulutsa linalo m'thumba n'kuwaika m'manja.

Sanafune magalasi a maso. Chala chawo chachikulu chinapita chokha pansi pa botolo, chinayenda pa O, chinayenda pa Z. Anayang'ana ine.

Ndinanena zonse. Za kagalu, za tebulo, za kusesa, za jekete. Mawu anga ankamveka m'zokuzira mawu ngati a munthu wina. Ena kumbuyo anaseka poyamba, ankayesa ndi sewero. N. anatsitsa pepala lawo. Nditafika pa mphika uja ndinalephera, ndinangoti pepani, mawu ochepa ngati amenewo.

A Cuco anavula chipewa. Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi nthawi yaitali, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anati zigaza makumi anayi ndi zitatu, Herminio, ndipo sindinayankhe n'chimodzi chomwe. Sanati m'phwanga.

Mayi Otilia anapempha mpando. Wina anabweretsa. Anakhala, botolo lawo lili pamiyendo, akulisisita. Sanalire. Anafunsa funso limodzi, osati kwa ine, kwa a Cuco.

"Ndiye kuti sindinaiwale?"

A Cuco anati simunaiwale, mayi. A Cucowo ndiwo anagwada, mawondo akulira, nagwira dzanja la zipsera lija.

Kenako mayiwo analoza botolo la shuga pa tebulo, nati Cuco, ndaphika usiku wonse limenelo, lisapite pachabe. A Cuco anaimirira, analitenga, analiyang'ana, anayang'ana mutu wanga. Ndinawerama kuti asavutike. Koma analiswera pa ngodya ya tebulo. Phwaa.

Kachidutswa kamodzi kanagwera pa nsalu yakuda ya mayi Otilia. Anakatola, anakayang'anitsa pa kuwala, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kukaika pa lilime. Anatseka maso, tsaya likuyenda pang'onopang'ono.

Atatsegula anauza a Cuco kuti mnzawo wa kumsika uja wakhala akuwanamiza, mandimu achuluka. Anatolanso kena n'kuwapatsa a Cuco.

Ine sanandiyang'anenso. Ndinapita kukatenga tsache.